Miyala Yoyera ya Kudimba Kwanu

Amayi, kodi kumeneko mukukhalako bwanji?

Ndine Felista wanu. Ndang'amba mapepala apakati m'kaderno, kope lakale lija la achimwene a Zefa, ndipo ndakhala pakhonde pomwe munkasankhira nyemba paja. Dzuwa latuluka koma zala zidakali zouma ndi chisanu, ndiye malemba akakhota mundikhululukire. Paja sikola ndinalekezera kwinta kalasi, kalasi yachisanu ija, inu nomwe mukudziwa.

Ndiyambe ndi nkhani yabwino. Alamu anga a Tereza anachira nthawi yokolola, mwana wamkazi. Tinakamubatiza kutchalitchi cha ku Fonte Boa ndipo tinamupatsa dzina lanu, Anastaziya. Chipumi ndi chanu chenicheni. Akalira amamveka mpaka kumsewu, moti achimwene amati mawu anatengera agogo ake, chifukwa akanatengera azakhali ake ine bwenzi tikumuiwala m'nyumba. Chimanga chinadzaza nkhokwe. Nyemba zokha ndi zimene zinaola ndi mvula yomaliza ija. Mbuzi yanu yamawanga inaswa awiri, ndipo denga la khitchini limene munkadandaula nalo lija tinafolera udzu watsopano.

Koma chimene chandigwiritsa kaneta yolemberayi lero ndi dimba lanu. Linatsala pang'ono kutha, Amayi.

Chilekereni mvula, anthu kuno apenga ndi golide. Kuseri kwa phiri kunabwera agalimpero, aja okumba maenje a golide ndi mapiki amene timati mapikareta, ndipo mbiri inafika yoti amupeza m'mwala woyera. Kuyambira pamenepo amuna a m'mudzi muno akuyenda choweramira pansi ngati ataya singano. Tsiku lina amalume a Bonifasiyo, alongo anu, anatsika kudimba kudzapempha kabichi. Ndikuganiza kuti aka kanali koyamba kuti mapazi awo apondeko. Atangoona mzere wa miyala yoyera uja, wochokera pa mtengo wa gwafa mpaka pachitsime, anaima chilili. Kabichi anamuiwala m'manja mwanga.

Miyala imeneyo inu ndi ine tikuidziwa bwino. Kwawo ndi kumunda wa kumtunda, kumene inkakuthyolerani makasu chaka ndi chaka. Chilimwe chilichonse tinkaitola ndi kuisenza m'madengu, inu lalikulu ine laling'ono, n'kudzaiyala kumutu kwa dimba kuti madzi ochokera kuphiri asakokolole nthaka. Ndimasekabe ndikakumbukira momwe munkailankhulira. Munkati, "Kuno mukungondithyolera makasu, tiyeni kudimba mukagwire ntchito." Zaka zapita, udzu wamera, dothi laikwirira theka, moti munthu wosadziwa angati inamera pomwepo. Achimwene nthawi imeneyo anali ku sikola ya kumishoni, kenako ku Tete. Amalume nawo za madengu a akazi sanazifunsepo.

Ndiye awiriwa, amalume ndi achimwene, anagwirizana kuti Lolemba lotsatira ayambe kukumba ngalande yakuya motsata mzerewo, dothi azitsukira madzi a pachitsime. Anapezanso amuna ena anayi owathandiza. Apo mbatatesi yanga inali itachita maluwa, dimba lonse mbee. Ndinadziwa kuti akangoyamba, chitsime chisanduka matope, mizere yonse ikwiririka, ndipo mvula ikadzabwera nthaka yakuda ija, imene munaisamala moyo wanu wonse, idzathera kumtsinje.

Ndinayesa kunena. Ndinawapeza achimwene kuseri kwa nkhokwe ndi kuwauza kuti miyalayo tinachita kusenza. Koma mukudziwa mawu anga, amathera pakhosi. Iwo anangondisisita paphewa n'kunena kuti ndikufuna kupulumutsa ndiwo zanga basi, ndipo golide akapezeka adzandigulira kabichi wa ku Ulongwe wodzaza ngolo. Amalume atamva anati zilibe kanthu, golide amatsata mwala woyera ngati nyerere pa shuga, pamene pali mwalawo iyenso ali pansi pake. Ndikuthirira mbatatesi ndinkamva mawu anu aja, amene munkandifunsa alendo akachoka ine ndisanayankhe ngakhale moni: "Felista, mawu akowo ukusungira yani?"

Loweruka amalume anapita ku Ulongwe kukasuletsa pikareta. Kumeneko anamva kuti kwabwera enjinyera wa miyala wochokera ku Tete, amene akuyendera maenje a agalimpero ndi kujambula mapu. Anamufunafuna mpaka anamupeza, ndipo anabwera naye pa mota, njinga yamoto, kuti adzatsimikize chuma chawo pamaso pa anthu. Tinadabwa kuona kuti ndi mayi, wosandiposa kwambiri msinkhu, atavala nsapato zazikulu, kanyundo kali m'chiuno. Dzina lawo ndi a Marta, ndipo Chinyanja chawo ndi chathu chomwechi. Anthu anatsika kudimba ngati kuli ukwati. Ine ndinaima kumbuyo ndi ndowa yanga, mtima uli pa mbatatesi imene ankaiponda.

A Marta sanafulumire. Anapempha ndowa yanga, anaivundikira n'kukhalapo, ndipo anati asanayang'ane mwala ayambe afotokoza momwe golide amalowera m'mwala. Ndikuuzani momwe ndinamvera, chifukwa ndikudziwa kuti zikanakusangalatsani.

Anati pansi pa dothi lonseli pali thanthwe limodzi lalikulu. Kalekale, anthu asanakhaleko, dziko linkakankhana lokha, ndipo thanthwelo linkapindika ngati chitenje chokwinyika, pena n'kung'aluka ngati khoma la nyumba. Pansi penipeni pali moto, ndiye madzi otentha kwambiri ankakwera kudzera m'ming'alu imeneyo, popeza kwina kulikonse kunali kotseka. Madziwo ankanyamula golide wosungunuka, monga momwe madzi a ndiwo amanyamulira mchere osauona. Akafika pozizira ankasiya katundu wawo m'mng'alumo, mwala woyera wambiri ndi golide pang'ono, mpaka mng'alu wonse kudzaza. Chimenecho ndi chimene amachitcha mtsempha. Anati n'chifukwa chake golide sapezeka paliponse ngati mchenga. Amatsata njira ya mng'alu, ndipo amakonda kuunjikana pamene ming'alu iwiri yakumana, kapena pamene thanthwe linapindika n'kutsegula mpata. Mkuwa ndi miyala ina yamtengo nayonso akuti imachita chimodzimodzi. Amene akufuna kuipeza ayambe wadziwa kumene thanthwe linasweka.

Amalume ankangogwedeza mutu, n'kumauza anthu kuti izi ndi zomwe iwo akhala akunena.

Kenako a Marta ananyamuka ndi kuyenda motsata mzere wanu, akugogoda miyala ndi kanyundo, akuyang'ana kachipangizo kooneka ngati wotchi koloza kumpoto. Anapita mpaka pachitsime n'kubwerera, nkhope itakwinyika.

"Mtsempha uwu ukundidabwitsa," anatero. "Ukukhota motsata dimba ngati unachita kuuzidwa."

Amalume anati chimenecho ndi chizindikiro cha golide wochuluka. Anthu anayamba kuseka mokondwa, wina mpaka anafunsa ngati angayambe tsiku lomwelo.

Koma tsopano ndinali nditamvetsa chinthu chimodzi, kuti mwala woyera wa golide uyenera kukhala ndi muzu m'thanthwe, ndipo yathuyi ilibe, inangokhala pa dothi. Ndinadutsa pakati pa amuna onsewo, ndinagwada pafupi ndi gwafa, pamwala waukulu uja umene unkagwedera. Mukukumbukira chimene munaikapo kuti ukhazikike? Ndinaukankha ndi manja awiri mpaka unagubuduka. Pansi pake panali dothi lakuda, nyongolotsi ziwiri, ndi khasu lanu lothyoka lija, dzimbiri lokhalokha.

Ndinalikweza m'mwamba ndipo ndinati, "Miyalayi tinasenza ndi amayi kuchokera kumunda wa kumtunda. Khasu lawo ndi ili."

Mawuwo anatuluka aakulu moti ine ndemwe ndinadzidzimuka. Kenako a Marta anaseka mpaka kugwira pamimba, nati zaka zonse za sikola sanaphunzirepo za mtsempha wobwera pa dengu. Anthu onse anagwa nacho chiseko. Achimwene analandira khasulo n'kuliyang'ana nthawi yaitali. Analizindikira, chifukwa linali ndi kachigamba kaja kamene anawotcherera osula a ku Kalomwe. Kenako anachotsa phazi lawo pamzere wa mbatatesi.

A Marta anandipempha kuti ndiwaonetse kumene miyalayo inachokera. Ndiye tangoganizani, Amayi, ine Felista patsogolo, enjinyera pambuyo panga, ndipo mudzi wonse pambuyo pake, tikukwera kumunda wa kumtunda. Ndinawaonetsa kamzere kaja kamene chimanga chimakhala chachifupi ndi chachikasu, kamene inu munkakatcha msana wa munda, kuyambira pa mtengo wa msuku kudutsa pachulu mpaka kunjira ya ng'ombe. Anapalasa dothi pang'ono ndipo mwala woyera unaonekera, wolowa pakati pa thanthwe lakuda, wosagwedezeka ngakhale amalume anaumenya ndi mphamvu zawo zonse. Anandigwiritsa ndi chala pamene mwala woyera wakumana ndi wakuda, nati apa ndi pamene dziko linang'aluka. Anayeza ndi kachipangizo kawo kaja ndipo anapeza kuti mtsemphawo wapingasa phiri kulowera kotuluka dzuwa. Kudimba sutsikirako m'pang'ono pomwe.

Atandifunsa ngati pali pena pamene makasu ankathyoka kwambiri, ndinawatengera kuseri kwa chulu, paja munkati pali mano. Pamenepo anapeza kamtsempha kena kakang'ono kodutsana ndi waukulu, mwala wake wa mawanga ofiira ngati dzimbiri. Anakondwa kwambiri, analemba m'buku mwawo, ndipo ananena pamaso pa onse kuti mapu amene iwo akanawajambula masiku atatu, amayi anga anawajambula kale ndi khasu. Apo ndinayang'ana kumbali kuti anthu asaone maso anga.

Musaganize kuti talemera. A Marta anaswa timiyala pang'ono n'kuika m'timatumba kuti akayeze ku Tete, ndipo anachenjeza kuti mitsempha yambiri imakhala yopanda kanthu, yoyera bwino koma golide mulibe. Anatinso munthu sakumba popanda chilolezo cha boma, komanso kuti pamene thanthwe linang'aluka ndi pomwe dzenje limagumuka msanga. Mpaka lero yankho silinabwere. Achimwene anabwerera ku njinga yawo, akunyamula mbatatesi kupita nayo ku Kalomwe ngati kale. Amalume akuuza aliyense kumsika kuti iwo anadziwa kuyambira pachiyambi kuti mtsempha uli kumtunda, ankangofuna kuona ngati enjinyerayo anaphunziradi.

Koma nkhani sinathere pamenepo. Patapita masiku atatu chichokereni a Marta, ndinawapeza amalume kudimba m'mawa ali ndi matumba awiri. Anali ataganiza kuti popeza miyala yathu inachokera pamtsempha weniweni, aitole yonse akaisinje, mwina muli kena kake. Anali atayamba kale kuzula wa pafupi ndi chitsime. Nthawi ino sindinadikire.

"Amalume, miyalayi ili pa ntchito," ndinatero. "Anailemba ntchito ndi amayi, ndipo sanaichotse."

Anandiyang'ana, anayang'ana mwala, kenako anaubwezera pamalo pake n'kuupondaponda kuti ukhale bwino. Anati ndayamba kulankhula ngati mlongo wawo, ndipo sakudziwa ngati mudzi uno ungapirire awiri, ine ndi kamwana ka Tereza. Ndinawathyolera kabichi wawo uja, ndipo ulendo uno sanamuiwale.

Mbatatesi ndinakumba sabata yatha, yaikulu bwino, ndipo yambewu ndasunga pamthunzi monga munandiphunzitsira. Chitsime chili mbee. Khasu lanu ndinalibwezera pansi pa mwala womwe uja, chifukwa popanda ilo unkagwederabe. Dzulo achimwene anandithandiza kusenza miyala ina kuchokera kumtunda kuti titseke pamene madzi anaboola chaka chatha. Dengu lanu linawapweteka khosi, ndipo anafunsa kuti inu munkatha bwanji. Ndinawaphunzitsa kupinda nkhata, ndiponso ndinawauza mawu oti aziuza miyalayo, koma anachita manyazi kulankhula ndi mwala.

Chitisiyireni pa dziko lino ndimakusowani kwambiri kudimba, makamaka nthawi yothirira, pamene munkaimba ine ndikungomvera. Ndimakukondani, Amayi. Ndikukulonjezani kuti golide apezeke kapena asapezeke, mzere wanu sudzachoka pamalo pake ine ndili moyo. Anastaziya akadzakula ndidzamulukira kadengu kake, ndipo ndidzamuuza ndi pakamwa panga, mokweza, kumene mwala uliwonse unachokera.

Ndine mwana wanu,
Felista