Kompyuta ya ku Taza Yasiya Kuyankha

Lolemba, 1 Epulo

Ramazani, tsiku la 21. Kukhosi gwa, koma mtima uli m'malo. Kapulogalamu kanga ndamaliza kulemba. Ndakatcha Kafunsefunse. Ntchito yake kugogoda pa makompyuta onse 41 a m'maofesi athu a matikiti a basi, n'kufunsa ngati pulogalamu yatsopano yalowa bwino. Ine phee pampando ku Casablanca kuno.

Ayankha 34. Asanu ndi awiri zii.

Abwana anga, Si Abdelhak: "Osayankhawo ukawayendera wekha, Siham, Idi isanafike." Nador, Errachidia, Tiznit, uku ndi uko. Ndiye kuti Idi ndikadyera m'basi. Miyezi isanu ndi itatu osapondako kwathu! Zandiwawa.

Chochititsa manyazi, imodzi mwa zosayankhazo ndi ya kwathu ku Taza, ya ababa. Zaka 26 akugulitsa matikiti pawindo lomwelo. Kumeneko ndingangodutsako ola limodzi basi.

Lachiwiri, 2 Epulo

Tsiku lonse pa Kafunsefunse. Mzere ndi mzere, katatu. Cholakwika palibe. Makompyutawo ngoyaka, matikiti akugulitsa, koma kakagogoda kakubwezedwa ngati mlendo.

Nawfal, wa tebulo loyandikana ndi langa: "Kamwana kakoko n'kamwano, kamangofunsa osapereka moni." Ndaseka ndisakufuna.

Dzuwa litalowa, msuzi wa harira kwa aneba apansi. Wokoma, koma wa amayi umaposa.

Lachitatu, 3 Epulo

Ndachipeza!

Ndinaimbira Lalla Zhor, wa ofesi ya ku Nador, kufunsa ngati wina anagwiragwira kompyuta. "Ayi mwanawe, ndani? Ine ndinangoikonza nthawi basi, pamene dziko lonse tinabweza mawotchi ndi ola limodzi chifukwa cha Ramazani. Inakana kubwerera yokha, ndiye ndinaithandiza."

Kuithandiza! Anabweza ola ndi dzanja, ngati wotchi yapakhoma. Pagalasi nthawi ikuoneka yolondola, koma mkati yatsalira ola lathunthu. Ndipo kompyuta yathu yaikulu siikhulupirira iliyonse imene yasiyana nayo nthawi kuposa mphindi zisanu. Zonse zisanu ndi ziwiri n'zakale, zonse zili ndi eni ake okonda kuthandiza.

Kafunsefunse, pepa. Ndinakunamizira.

Lachinayi, 4 Epulo

Foni kuyambira m'mawa. Dinani apa, osati apo, apa. Mmodzimmodzi. Pofika masana 41 pa 41. Ndinatsala pang'ono kuvina muofesi. Tchuthi changa chatsimikizika, ndinyamuka Lachiwiri.

Ababa ndiwo anandichedwetsa. Kudina anadina bwinobwino, koma mafunso! Vuto linali chiyani, ola limodzi lokha lingatseke pakamwa kompyuta bwanji. Kenako: "Ndiye ikapanda kuyankha amatuma ndani?" Ndinati ine. "Ohoo." Nditawauza za Lachiwiri anadandaula. "Lachiwiri? Makeke onse a Idi amayi ako aphike okha? Msana uja?"

Ndawasowa anthu awiriwa, zedi.

Lachisanu, 5 Epulo

Titabwera kopemphera ndati ndikayendetsenso Kafunsefunse, kungodzisangalatsa.

40.

Taza zii. Ndayang'ana pa kompyuta yaikulu: yakanidwa chifukwa cha nthawi. Ola limodzi ndendende.

Ndawaimbira. "Ababa, mwagwira wotchi?" Iwo: "Ine? Maso angawa aona chiyani? Dzulo ndinangochita mwayi. Izi za pafoni sindingazithenso, mwana wanga, zikufuna munthu wodziwa." Kumbuyo ndimamva amayi akuseka.

Ndapita kwa Si Abdelhak. Sindinawabisire. Ayang'ana pagalasi nthawi yaitali, akusisita ndevu. "Ndinanena kuti yosayankha ukaiyendera wekha. Mawu anga sindibweza ngati wotchi. Nyamuka mawa." Nditafika pakhomo anawonjezera: "Makompyuta a ku Taza ndimawadziwa, sachira Idi isanathe. Ukawapatse moni bambo ako, Si Larbi."

Nawfal akuti nayenso alembetsa bambo ake ntchito ku ofesi yathu ya kwawo ku Agadir.

Loweruka, 6 Epulo

M'basi yathu yomwe, mpando wa pawindo. Fes tadutsa. Mapiri obiriwira, cholembera chikugwedera ndi basiyi. M'chikwama mpango wa amayi, ndi kapepala ka malangizo okonzera wotchi, mizere itatu. Ntchito ya mphindi ziwiri.

Uthenga wa ababa wangolowa: "Ukafika usathamangire ku ofesi. Wodwalayo ali bwino, akugulitsa matikiti. Amayi ako akanda kale ufa, akudikira manja ako."

Kapepala kaja ndakabwezera pansi penipeni pa chikwama.