Koloboyi wa amayi watchuka ndi dzina la wina

Okondedwa achemwali a Yunike,

Moni kumudziko. Kodi msana uja wasiya kukuvutani? Ife kuno ku Bindura tilipo, alamu anu a Bauleni akugwirabe ku mgodi.

Magetsi akumatha masiku atatu osayaka, mvula nayo yayandikira. Ndiye ndinakumbukira koloboyi wa malemu amayi uja, woyakira mafuta ophikira owonongeka. Ndinakapempha mafuta akuda kwa bambo wokazinga tchipisi pamsika, n'kusefa pakansalu, kuthira m'chitini, chingwe cha nsanza pakati. Anayaka ndithu!

Kulakwa kwanga kunali kuonetsa mnansi wanga wa Chishona, Mai Farai. Sabata yatha abusa atalankhula zokonzekera mvula yamkuntho, iye anaimirira n'kuphunzitsa tchalitchi chonse, osanditchula ngakhale kamodzi. Anamuombera m'manja ine ndili pompo! Pano komboni yonse ikuti chibani cha Mai Farai, poti chibani ndiye koloboyi m'Chishona. Wa tchipisi uja nayenso akusungira iyeyo mafuta.

Nsanje ndili nayo, achemwali, sindibisa. Chondiwawa kwambiri n'chakuti wake safuka, pamene wanga wadetsa khoma lonse ndi utsi. Dzana a Bauleni anabwera ndi koloboyi wa mayiyo, atamunyamula ngati dzira, amvekere ndipite ndikaone mmene akazi anzeru amachitira. Ine, kukaphunzira kwa mlendo nzeru ya amayi anga? Tsiku limenelo anadzipakulira okha.

Pempho langa ndi limodzi. Amayi ankanyika chingwe m'kanthu kena n'kuchiyanika asanayatse. Ine ndinkangosewera, inu ndiye munkaona. Unali mchere kapena chiyani? Loweruka loyamba la mwezi wamawa amayi a mpingo tikapanga nyale zopatsa okalamba. Ndikufuna wanga akayake mopanda utsi pamaso pa onse, ine ndiimirire ndinene mokweza kuti nzeruyi ndi ya amayi athu, Nangozo wa ku Ntcheu.

Yankho mupatsire dalaivala wa basi yemwe wabweretsa kalatayu, andipatse m'manja. Chonde musaimbe pa foni ya alamu anu. Iwo akangomva m'mawa, masana nkhani yafika kale kwa Mai Farai.

Mundiperekere moni kwa alamu anga, amalume, azakhali ndi ana onse.

Ine mng'ono wanu wopsa mtima,
Zelesi