Ndasokoneza mzere wa mbewu

Lachitatu madzulo, ku Nsaru.

Mtima uli m'mwamba. Mawa gulu lathu la alimi ligawa mbewu ya soya, ndipo sikwanira aliyense. Tinagwirizana kuti woyamba kulembetsa ndiye woyamba kulandira. Ine mlembi ndinasunga mayinawo mu kapulogalamu kanga pa laputopu, kope ndinalikana, n'kumati n'zachikale.

Masana apampando anati, "Amayi, tandipezerani dzina la a Mbewe." Kuti ndilipeze msanga ndinafuna kusanja mayina kuyambira A mpaka Z. Njira zake n'ziwiri. Pali fankishoni ya sorted, yoima payokha: umaipatsa mndandanda, imakubwezera wina watsopano, wakalewo osaukhudza. Palinso methodi ya sort, yomwe ndi ya mndandandawo: umailemba pambuyo pa kadontho, ndipo imasanja mwini wake yemweyo. Pophunzira ndinkaziyesa chimodzimodzi. Ndinalemba methodi, n'kuseva pamwamba pa zakale.

Tsopano a Banda onse ali kutsogolo. A Zimba, amene anayenda wapansi mbandakucha tsiku loyamba lolembetsa, ali kumapeto kwenikweni, kumene mbewu sifika.

Popita kunyumba ndinakumana ndi a Zimbawo pa chigayo. "Woyamba ndine, eti mwanangu?" Ndinangoti, "Eya, bambo."

A Zimba ndiwabwezera pamalo pawo. Nanga wachiwiri anali ndani? Wachitatu?

Ndipo ndani akakhulupirire kuti walakwa ndi kadontho, pamene amuna anga ndi a Banda?