Ndege Zimene Zinkadyetsa Agogo

Loweruka, 14 Julaye 2007

Lero mtima uli m'malo. Ndinali pa ofu, ndiye ndinapita ndi mwana wanga Tadala ku myuziyamu ya ndege zankhondo kuno ku dziko la azungu kumene tikukhala. Akufuna kulowa makadeti, gulu la achinyamata ophunzira za usilikali wa ndege, koma bambo ake akuti za azungu sizitikhudza.

Tinaima pansi pa chindege chakale chonyamula katundu. Ndinamuuza kuti agogo ake, bambo anga, ali kunkhondo ku Burma, ndege zoterezi zinkawaponyera mpunga m'nkhalango. Akamva kulira kwake ankakuwa kuti, "Amayi afika!"

Tadala, amene amandiyankha m'Chingerezi chokhachokha, anayang'ana m'mwamba n'kunena chapansipansi, "Amayi afika."

Ndiye zisatikhudze bwanji? Bambo akewo akaweruka andimva. Yunifomu ya makadetiyo mwanayu avala basi.