Bambo a mkwatibwi akufuna kujambula makombola

Aphungu,

Kalata iyi andituma ndi amuna anga. Akuti ndikufunseni kuti kamera yabwino yojambulira usiku ndi iti, makamaka yogwira makombola aja ophulikira kumwamba. Funso lawo ndi limenelo, ndalipereka. Tsopano mumve langa, chifukwa ine zandikwana.

Amuna angawa anali aphunzitsi kuno ku Sinda. Chipumireni pantchito, matenda awo ndi kamera. Chaka chatha mwana wathu woyamba, Emily, anakwatiwa. Tinkafuna kuitana wojambula wa ku Katete koma amuna angawa anakana. "Ine ndilipo, mlendo wa chiyani?" Phwando linapitirira mpaka kunja kunada, ndipo akuchimuna anali atabwera ndi makombola ochokera ku Lusaka. Litangophulika loyamba, bambo a mkwatibwi dzambatu pampando, ulendo wa panja. Nthawi yoti makolo alankhule itakwana, wotsogolera mwambo anawaitana katatu konse, iwo ali panja. Ine manyazi anandigwira, ndinangoweramitsa mutu. Mapeto ake achimwene anga a Tobias, atsibweni a anawa, ndiwo anaimirira n'kulankhula m'malo mwawo.

Bola zithunzizo zikanatuluka! Zakumwamba zili ngati nyongolotsi zoyaka moto. Za anthu mukungooneka mano ndi maso ofiira. Emily ali ndi chimodzi chokha chooneka nkhope, chomwe mnzake wa kukwaya anajambula pafoni. Cha iye ndi bambo ake palibe.

Mwezi wa Okutobala akukwatiwa mzime wathu, Tryness, ndipo akuchimuna ati makombola adzakhalaponso. Amuna anga atamva anachita kuomba m'manja: "Ulendo uja inandilakwitsa ndi kamera, uno ndigula yeniyeni." Tsiku ndi tsiku ali pafoni kuwerenga za mamegapikiseli a makamera. Tryness anandikokera kuseri n'kundiuza kuti: "Amayi, ababa akadzabwera ndi kamera m'khosi, ine m'tchalitchi ndidzalowa ndi atsibweni. Sindikuseka." Mwana ameneyu sasekadi, anatengera ine. A Tobias nawo sangakane. Mukudziwa kuti kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, ndipo iwo ndi alamu awowa samwerana madzi kwenikweni.

Mawu a Trynesswa bambo ake sindinawauze. Ndikuwadziwa, adzangoti ndagwirizana ndi achimwene anga. Koma tsamba lanuli amawerenga osadumpha mzere. Ndithandizeni, mutu wanga wazungulira.

Mayi F. B., Sinda

Mayi F. B.,

Mwachenjeratu inu! Chabwino, ndilankhula nanu nonse awiri, ndipo ndiyamba ndi funso la bambo kuti asadzati Aphungu anakondera.

Bambo, mamegapikiseli asiyeni, usiku alibe nawo ntchito. Funani kamera yomwe ili ndi chilembo cha M, yokulolani kusankha nokha kuti diso lake likhale lotsekuka kwa nthawi yaitali bwanji. Makombola amafuna masekondi awiri mpaka anayi, ndipo palibe dzanja la munthu lingakhale chete nthawi yonseyo. Nyongolotsi zanu zija zinachokera pamenepo, kamerayo mukungoinamizira. Gulani choimikapo cha miyendo itatu, ngakhale chakale. Fulashi zimitsani. Kuwala kwake kumangothera pakhonde pompo, inu mumati kukafika kumitambo? Ngati mukufuna nkhope za anthu mumdima, funsani lenzi yolowetsa kuwala kwambiri, yolembedwa nambala yaing'ono ngati 1.8. Musagule masana dzuwa likuswa mtengo, pamene kamera iliyonse imaoneka ngati katswiri. Pitani chakumadzulo mukaiyese musanatulutse ndalama, ndipo mutengeretu batire lachiwiri.

Koma mvetsani apa, aphunzitsi. Kamera yotcheredwa kuti igwire makombola singagwire nkhope nthawi yomweyo, ndipo munthu amene maso ake ali kumwamba saona zimene zikuchitika m'holo. Ntchitozo n'ziwiri. Yachitatu ndi yokhala bambo a mkwatibwi, imene palibe angakugwirireni popanda inu kuchita manyazi. Munaitanidwa katatu pamaso pa asewere anu, inu muli panja kuyasamira mitambo! Aaa, bambo! Mwana wa sukulu akanachita zimenezo m'kalasi mwanu mukanamusiya? Ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

Sindikuti musiye kujambula. Munthu akapuma pantchito amafunika chom'dzutsa m'mawa, ndipo chanuchi n'chabwino kuposa kukhalira mowa. Kamerayo gulani ngati m'thumba mukulola. Muiphunzire pa Khirisimasi, pa chaka chatsopano, paukwati wa mwana wa aneba. Pa wa Tryness ayi. Itanani wojambula wa ku Katete uja sabata ino, mumufunse ngati ali ndi choimikapo, akuonetseninso zithunzi za usiku zomwe anajambulapo. Mukafuna mum'bwereke kamera yanu yatsopanoyo, mudzanyadirebe kuti inagwira ntchito. Muwakumbutsenso akuchimuna kuti Okutobala udzu umakhala wouma gwa, makombola awowo akaphulitsire kutali ndi madenga a anthu.

Tsopano inu mayi. Nanu mwandikwiyitsa pang'ono. Nkhani yaikulu chonchi mukufuna amuna anu aimvere m'nyuzipepala? Ataye mtima ndi mwana wawo chifukwa cha tsamba langa? Musadikire kuti aliwerenge okha. Khalani nawo pansi lero, Tryness alipo, mwanayo anene yekha ndi pakamwa pake zimene zinamupweteka paukwati wa mkulu wake. Munthu amatha kukangana ndi mkazi wake mpaka mawa, koma mwana wake wamkazi akamuuza kuti "ababa, ndikufuna mudzandigwire dzanja," mtima umafewa. A Tobias musawalowetsemo kaye. Ali ndi mpando wawo wa atsibweni, wolemekezeka kale, ndipo mukayamba kuopseza amuna anu ndi dzina lawo, kamerayo adzaikakamira dala pofuna kuonetsa chamuna.

Chenjezo langa ndi ili. Tryness musamunyengerere kuti agonje poopa kuti anthu adzati chiyani. Ukwati ndi wake ndipo zimene wapempha si zambiri. Bambo, mukamva zonsezi n'kukakamirabe, palibe adzakulandeni kamerayo. Mudzaima kumbuyo kwa tchalitchi, zonse mutazitchera bwino monga ndakuphunzitsirani, ndipo mudzajambula chithunzi chooneka bwino kwambiri cha mwamuna wina akupereka mwana wanu.

Aphungu