Mvuu ya Atate Yapita ndi Mlendo

Ba Mubita, akulu anga,

Ndikhulupirira muli bwino ku Ndolako. Kuno tilipo, koma chifuwa cha atate sichikutha.

Loweruka phungu wathu anabweretsa alendo akunja ku mathithi a Mosi-oa-Tunya. Anyamata a chipani anatiimika padzuwa ife ogulitsa ziboliboli, akuti tiimbe. Atate anali akupukuta mvuu ija ankakusemerani. Phunguyo anangoitenga m'manja mwawo n'kupatsa mzungu, amvekere, "Mphatso yochokera kwa anthu anga!" Ngakhale dzina la atate sanafunse. Atate anawomba m'manja, poti anyamatawo ankatiyang'ana.

Chibwerereni kumeneko sanagwirenso kasemasema.

Titumizireni mankhwala a chifuwa. Mukamalemba musawafunse atate za mvuuyo, mwezi wamawa tikukavotera phungu yemweyo.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Sitali