Nandolo Watsala Chifukwa cha Kaundula

Lachisanu, ku Mandimba. Lero ndatopa, ndapsanso mtima.

Kaundula wa pafoni amene ndinaumiriza gulu lathu la alimi kuti tizigwiritsa ntchito wandichititsa manyazi. Alibe mwini: aliyense akalemba katundu wake, foni yake imatsimikizira zolemba ziwiri za anzake. Olemba tikachuluka kaundulayu amathamanga zedi, moti Lolemba pamsika sanadikiritse munthu.

Masana ano ndalemba matumba a nandolo opita ku Cuamba kukakwera sitima. Zii! Anzanga onse ku mzikiti, mafoni ozimitsa, wonditsimikizira palibe. Bambo Armando, oyendetsa kamyao, lole ya katundu, akanitsitsa: "Mayi, popanda umboni sindikweza." Sitima yatisiya.

Ndinaganizira netiweki, magetsi, ngakhale akuba. Koma zoti Lachisanu masana anthu kuno amapemphera ndinaiwala, ine mwana wa shehe!